Musasinthe lamba wa taimingi yekha n'kusiya tenshona yakale

Nyengo ino yokolola, pamene magalimoto akunyamula katundu usana ndi usiku, ndakumana ndi angapo ataima m'mbali mwa msewu, injini itazima osadzukanso. Ukafunsa eni ake, yankho ndi limodzi: “Koma lamba wa taimingi ndangosintha kumene.” Ukatsegula chivundikiro, lambayo, wa mano amene amagwirizanitsa kayendedwe ka mapisitoni ndi mavalavu, ndi watsopanodi, zilembo zake zikuwerengeka bwinobwino. Koma tenshona (chokungira lamba) ndi mapule (timawilo timene lamba amayendapo) ndi omwe aja galimoto inachoka nawo ku fakitale. Vuto lagona pamenepo, ndipo ndatopa kuliona.

Kusintha nokha lamba sindikuletsa. Munthu amene amagwira sipanala bwino, ali ndi buku la injini yake, angathe ntchitoyi. Chimene ndikudana nacho ndi chizolowezi chogula lamba yekha, kupukusa pule ndi chala, kumva kuti ikuzungulira, n'kunena kuti idakali bwino. Chala chanu chimapukusa pule yozizira, yopanda katundu. Injini ikalira, pule yomweyo imakanikizidwa ndi lamba wokungika, pamalo otentha, kwa maola ambiri. Beringi yake ndi yotsekedwa, girisi anaikidwamo kamodzi basi. Ngati lamba wayenda makilomita 100,000, beringiyo yayendanso omwewo. Mukaibwezera, mukuiuza kuti ipirire makilomita 200,000 pa girisi yemwe uja. Zili ngati kumanga chingwe chatsopano pa chikhomo chimene chiswe chadya kale.

Komanso lamba watsopano amakoka mwamphamvu kuposa wakale amene anali atatamuka. N'chifukwa chake beringi imene inkayenda mwakachetechete imayamba kulira patangopita masabata ochepa mutasintha lamba. Ikagwira, lamba amakhuzika pa pule yosazungulira, amatentha, mano amathothoka kapena amaduka kumene. Tenshona ya oilo nayo ikayamba kudontha imataya mphamvu, lamba amakhwefuka n'kulumpha mano.

Tsono taonani chimene chimachitika mkati. Lambayu ndi amene amagwirizanitsa crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amazunguza) ndi camshaft (chitsulo chotsegula mavalavu), kuti crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft izungulire kamodzi. Injini ikamayenda maulendo 3,000 pa mphindi, valavu iliyonse imatseguka ndi kutsekeka ka 25 pa sekondi imodzi. Mu injini zambiri, makamaka pafupifupi zonse za dizilo, malo amene valavu imafika ikatseguka ndi omwewo amene pisitoni imafika ikakwera pamwamba. Sizigundana chifukwa lamba amasunga nthawi. Lamba akaduka, camshaft imaima, mavalavu ena amatsala otseguka, koma mapisitoni akukwerabe chifukwa galimoto ikuyenda. Musanapondeko n'komwe buleki, mavalavu apindika. Nthawi zina ma rocker (tizitsulo tokankha mavalavu) amathyoka, pisitoni imabooka, ngakhale camshaft nayo imaduka. Apa si nkhani ya lamba ayi. Muchotsa silinda hedi (mutu wa injini, mmene mumakhala mavalavu), mugula mavalavu, gasiketi ndi mabawuti, mupititsa hedi kwa amisiri a makina, ndipo galimoto ikhala pansi masabata pa nthawi imene mukuifuna kwambiri.

Zoona, pali injini zina za petulo zimene lamba akaduka zimangozima osawononga kanthu. Anthu ambiri anazolowera pa injini zotere, ndiye amanena kuti “wanga uja anaduka, ndinangoika wina n'kumapita.” Mwayi wa injini ija musaupititse pa injini ina imene simunaifufuze.

Mlimi wina amene ndimagwira naye ntchito ali ndi pikiapu ya dizilo imene amanyamulira zokolola zake ndi za anzake. Ndi bambo wosamala, oilo amasintha pa nthawi yake, sadikira kuti wina amuuze. Nyali yochenjeza za lamba itayaka, anagula lamba wabwino, osati wachinyengo, n'kumuika yekha, zizindikiro zonse za taimingi zitalunjika. Tenshona anaiyang'ana, anati ikuoneka yatsopano. Patapita miyezi ingapo anayamba kumva kaphokoso kutsogolo kwa injini, akaliza m'mawa. Anaganiza kuti ndi lamba wa fani, n'kumupopera mankhwala kuti asiye kulira. Tsiku lina akukwera chitunda atadzaza matumba, injini inangoti zii. Anaipukusa ndi sitata kangapo, kuonjezera chilonda. Pomwe ankatsitsa hedi anandiuza kuti, “Alangizi, ine ndimayesa chimene chimatha ndi mphira, chitsulo sichitha.” Anzake amene ankadalira galimoto yake anakapeza ina, ndipo ena sanabwererenso kwa iye.

Maganizo amenewo ndi amene ndikufuna athe. Chitsulo chimatha. Opanga malamba odziwika monga Gates, Dayco ndi Continental amagulitsa lamba, tenshona ndi mapule mu bokosi limodzi, ena ndi pampu ya madzi yomwe. Sikuti akungofuna kukudyerani. Zinthuzi zimakalamba limodzi, ndipo ntchito yovuta ndi yomasula kuti muzifikire, osati kuzimanga. Mwachotsa kale zivundikiro, pule ya crankshaft, mwina ndi chogwiriziza injini chomwe. Tenshona ili pamaso panu, mabawuti awiri kapena imodzi. Mukuisiyiranji?

Pampu ya madzi nayonso. Pa injini zambiri imazunguzidwa ndi lamba wa taimingi yemweyu. Beringi yake ikatha imachita chimodzimodzi ndi pule, ndipo ikayamba kudontha madziwo amagwera pa lamba. Pa injini zina pampu imayendera lamba wina wakunja, choncho onani yanu kaye. Ma sili (timphira totchinga oilo) a camshaft ndi crankshaft akamatulutsa oilo, sinthani nthawi yomweyo, chifukwa oilo amafewetsa mphira ndipo lamba watsopano sachedwa kuwola.

Za nthawi yosinthira, tsatirani buku la galimoto, osati maso anu, pakuti lamba amatha kuoneka wosalala kumsana mano atayamba kale kung'ambika m'munsi. Pa Toyota Hilux ya injini ya 2KD ndi makilomita 150,000, ndipo nyali ya T-BELT imayaka kukukumbutsani. Injini zina ndi 100,000 kapena kucheperapo. Zaka nazo zimawerengedwa, chifukwa mphira umauma ngakhale galimoto ikungokhala. Mukagula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito yopanda umboni woti lamba anasinthidwa, muyese kuti sanasinthidwe. Ndipo ngati injini yanu ndi ya tcheni, monga 1NZ ya Toyota, nkhaniyi si yanu.

Kamangidwe ambiri mukukadziwa, ndingokumbutsa pang'ono. Chotsani waya wa batire. Lunjikitsani zizindikiro za crankshaft ndi camshaft musanamasule lamba wakale, ndipo akachoka musapukuse chilichonse pachokha. Lamba musamupinde kapena kumukanikiza ndi sikuludiraiva, ndipo ngati ali ndi mivi ilozeni kumene injini imazungulira. Tenshona yatsopano ya oilo imabwera ndi kapini, kameneka muzule pomaliza, zonse zitakhala m'malo. Mabawuti mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu monga buku likunenera, makamaka ya tenshona ndi ya pule ya crankshaft. Kenako pukusani injini ndi dzanja maulendo awiri athunthu kumene imazungulira, muonenso zizindikiro. Ikakana kuyenda penapake, imani, musakakamize, ndipo sitata musaikhudze. Mukamaliza lembani tsiku ndi makilomita pa chivundikiro, mutchulenso kuti tenshona ndi mapule mwasintha.