Kalembedwe ka nkhani yodzera m'makalata ndi mapepala akale

Nkhani yolembedwa ngati mulu wa makalata imakoka mtima chifukwa mulibe wofotokoza amene akuuza owerenga zoti aganize; iwo eni amalumikiza zidutswazo ngati munthu amene watsegula sutikesi ya malemu. Mukafuna kulemba nkhani yotere, yambani mwasankha wolemba kalata, wolemberedwa, ndi chimene chawalekanitsa. Kuno ku Kasungu chifukwa chotere sichisowa, pakuti amuna ambiri ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodiko, ena n'kusanduka matchona, akazi awo atatsala ndi ana pamudzi.

Kenaka ganizirani za amene adzamve mawu a m'kalatamo. Mayi amene sanapite kusukulu ankapereka kalata kwa aphunzitsi kapena kwa mwana wa mlongo wake kuti amuwerengere mokweza, ndipo mwamuna wake ankadziwa zimenezi. Choncho munthu wa m'nkhani yanu sangalembe poyera kuti wapeza mkazi wina, kapena kuti ndalama zathera ku mowa. Ayambe ndi moni wautali, monga wakuti, "Nabanda, ine kuno ndili bwino, kaya inu ndi ana kumeneko," afunse za mbuzi ndi za denga lodontha, koma tsiku lobwerera asalitchule m'makalata atatu otsatizana. M'kuona kwanga, luso lalikulu lagona pamenepa, chifukwa owerenga amazindikira zoona Nabanda asanazizindikire, ndipo chisoni chawo chimachokera pa kudziwiratu kumeneko.

Samalani ndi zaka. Kalata ya 1968 itchule mapaundi ndi mashereni, popeza kwacha inayamba mu 1971, ndipo envulopu ya nthawi ya atsamunda ilembedwe Fort Manning m'malo mwa Mchinji. Ngati mwamunayo akupita ku Wenela, kumbukirani kuti Dr Banda analetsa maulendowa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi amene ankachokera kumigodi.

Makalata okhaokha amatopetsa, choncho ponyanimo mapepala ena: lisiti ya ku ADMARC yoonetsa kuti mtedza wogulitsidwa wachepa, khadi la chipani, kabuku ka kusikelo kamene masiku ake athera panjira, kapena tsamba la m'buku la ngongole pagolosale. Mapepala otere musawatanthauzire. Buku limene munthu amalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku nalonso likhale la mawu ochepa, pakuti mlimi wotopa amangolemba kuti mvula yagwa, mwana wadwala.

Pomaliza, fotokozani mwachidule amene anapeza mapepalawo ndi malo amene anawapeza, ndipo lolani kuti kalata imodzi isowe kapena idyedwe ndi chiswe pamalo ofunika, kuti yankho lake lokha ndilo liuze owerenga zimene zinalembedwamo.