Mwasankhidwa mu komiti ya m'dera: poyambira ndi pomwe ambiri amagwera

Okutobala akafika, dzuwa likamaswa mtengo ndipo mitambo yayamba kusonkhana masana, m'madera ambiri a m'tauni mumayambika misonkhano. Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Mchengautuwa, madandaulo ake amafanana: ngalande zatsekeka, kamlatho kopita kumsika kagumuka, mbava zayambanso kuthyola nyumba. Anthu amasankha komiti mothamanga, kuwomba m'manja, n'kubalalika. Pofika Febuluwale wapampando watsala ndi mlembi yekha, msungichuma akumulozerana zala pamsika. Malangizo awa ndi a inu amene mwalandira mpando kumene ndipo mukufuna kuti komiti yanu idzaone mvula yachiwiri.

Musalonjeze anthu kuti mukonza chilichonse. Komiti yatsopano imakonda kulemba mndandanda wautali: msewu wa phula, magetsi a mumsewu, msika, chipatala. Zambiri mwa izi ndi ntchito ya khonsolo ndi boma. Inu sankhani ntchito imodzi yoti muithe ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala anu pasanathe mwezi, yoti wodutsa aliyense aione ndi maso. Nyengo ino ntchito yotero ndi ngalande. Amene anali ku Blantyre mu Malichi 2023 akudziwa zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Manja. Zoona, matope otsika m'phiri la Soche palibe komiti ikanawaletsa. Koma madzi amene amalowa m'nyumba chaka ndi chaka, kopanda namondwe, kawirikawiri amabwera chifukwa cha majumbo, matewera a ana ndi mchenga zimene zatseka makalavati. Madzi omwewo akadzaza zimbudzi n'kusefukira m'zitsime, kolera sachedwa. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Pofukula yambirani kumunsi kumene madzi amathera, muzikwera pang'onopang'ono. Mukayambira kumtunda mungothamangitsira madzi pakhomo pa mnzanu, ndipo mlandu woyamba wa komiti ubadwira pomwepo. Zimene mwavuula zichoke tsiku lomwelo. Mukaziunjika m'mphepete, mvula yoyamba izibwezera momwemo.

Kenako dzifunseni kuti anthu a m'dera lino ndi ati. M'madera monga Mbayani kapena Mgona ploti imodzi imakhala ndi makomo asanu, mwina khumi, mwini wake akukhala kwina, mwinanso ali ku Joni. Komabe makomiti ambiri amadzaza ndi eni maploti ndi nzika zakale, ochita lendi n'kumatchedwa obwera. Chodabwitsa n'chakuti potolera ndalama wogogodedwa pakhomo ndi wobwera yemweyo. Munthu amene simunamuitane kumsonkhano musayembekeze kuti asonkha mokondwa. Lembani kaundula wa khomo ndi khomo, osati wa maploti okha, ndipo ochita lendi akhale ndi mipando mu komiti. Mugwirizanenso poyera za amene alipira chiyani. Zinthu zokhalitsa, monga simenti ya kalavati kapena kukonza kamlatho, zigwere eni maploti, chifukwa ndiwo adzapindule mtengo wa lendi ukakwera. Za mwezi ndi mwezi, monga chitetezo ndi kuchotsa zinyalala, zigwere aliyense wogona m'deramo. Mkangano waukulu wa alandilodi ndi ochita lendi umazirala mukangosiyanitsa ziwirizi.

Amayi asangokumbukiridwa pa nthawi yophika nsima ya adzukulu. Ndiwo amadziwa mpopi umene wauma ndi khomo limene muli wodwala. Za nthawi ya msonkhano ndingonena mwachidule: Lachisanu masana ena ali ku mzikiti, Loweruka ena akusunga Sabata, Lamulungu m'mawa ambiri ali ku tchalitchi. Lamulungu masana ndiye bwino, ndipo msonkhano usapitirire ola limodzi ndi theka.

Tifike pa ndalama, pakuti makomiti ambiri amafera apa. Sikuti asungichuma onse ndi akuba. Ambiri amayamba ndi mtima wabwino. Ndalama za gulu zikugona m'nyumba, mwana wadwala usiku, munthu n'kunena kuti ndibwereke pang'ono ndibweza mwezi ukatha. Mawa wapampando wamva, nayenso wabwereka. Kuyambira pamenepo awiriwa sangayankhulane mwamphamvu, ndipo msonkhano wopereka lipoti umangosunthidwa. Choncho musamuyese munthu pomusungitsa ndalama kunyumba. Tsegulani akaunti ku banki kapena ku SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama), osayinira akhale atatu, ndipo ndalama isatuluke popanda awiri mwa iwo kusayina. Atatuwo asakhale a banja limodzi, a mpingo umodzi kapena ogona pa ploti imodzi. Banki idzafuna malamulo oyendetsera gulu lanu olembedwa, mfundo za msonkhano umene munagwirizana zotsegula akauntiyo, ndi zitupa za osayinira. Kalata yochokera ku khonsolo kapena kwa amfumu imathandizanso.

Ambiri masiku ano amatolera kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ndi njira yabwino chifukwa uthenga umatsala ngati umboni, koma nambala yolandirira isakhale yomwe msungichuma amagulira ndiwo ndi mayunitsi a magetsi. Ikhale yapadera, ndipo zolowa zizipita ku akaunti sabata iliyonse. Wopereka pamanja alandire lisiti ya m'buku lokhala ndi manambala ndi pepala lotsalira. Wotolera akhale wina, wosunga buku wina.

Chinthu chotchipa kuposa zonse, chomwenso makomiti amachizemba, ndi pepala limodzi lomatidwa poonekera mwezi uliwonse: pa kiyosiki, pa chigayo, pa mtengo wa kwa amfumu. Palembedwe zinthu zinayi zokha: zimene zinalipo, zimene zalowa, zimene zatuluka ndi ntchito yake, zimene zatsala. Tiyerekeze kuti muli makomo 200 ndipo khomo lililonse likusonkha K1,000. Munthu aliyense amachulukitsa yekha m'mutu n'kupeza K200,000, osadziwa kuti asonkha ndi makomo 120 okha. Mukapanda kumuonetsa, K80,000 yosiyanayo aziti mwadya. Chithunzi cha pepalalo chitumizidwenso pa gulu la WhatsApp, koma pepala lenileni lisasowe, poti agogo ambiri alibe foni yotero. Maina a osasonkha musawamate. Anthu awiri akawaone kunyumba mwaulemu. Nkhalamba, olumala ndi mabanja oyendetsedwa ndi ana muwachotse pa msonkho poyera, msonkhano utavomereza, kuti pasakhale zonong'ona.

Zimenezi sizongopeka. Ku Lilongwe, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makiyosiki ambiri a madzi m'madera a anthu opeza movutikira anaunjika ngongole ku Lilongwe Water Board. Anthu ankalipira pa ndowa iliyonse koma ndalama sizinkafika kumene zimayenera kufika, ndipo mipopi ina inadulidwa. Cha m'ma 2006 kunayamba kukhazikitsidwa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, okhala ndi akaunti ku banki, ogulitsa madzi olipidwa ndiponso mabuku ounikidwa, ndipo ngongole zija zinayamba kubwezedwa. Anthu ake anali omwewo. Chinasintha ndi kayendetsedwe ka ndalama.

Musasungenso ndalama zambiri podikira ntchito yaikulu ya zaka ziwiri zikubwerazo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Gulu limene linkasungira simenti linadzuka ndi ndalama zosakwana matumba amene linawerengera. Zikakwana zogulira zipangizo, gulani, mulembe m'buku, musunge pamalo odziwika.

Amfumu muwalemekeze. Makhansala atatha nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha 2014, ndipo zaka zonsezo mafumu a m'tauni ndi amene ankasenza za maliro, manda ndi milandu ya malire. Msonkhano woitanidwa amfumu osadziwa sudzaza. Choncho muwadziwitse musanalengeze, akhale mlangizi wa komiti, atsegule msonkhano. Koma asakhale wosayinira ku banki, ndipo ndalama za chipepeso kapena za manda zisasakanikirane ndi za ngalande. Izi zimateteza ulemu wa amfumu omwewo, chifukwa buku likasokonekera dzina lawo silikhalamo. A chipani nawonso ndi anthu a m'dera, abwere, koma nsalu ndi zipewa za chipani zitsale kunyumba. Komiti ikangodziwika kuti ndi ya chipani chakuti, theka la makomo latseka zitseko.

Pa zimene zikuposani mphamvu, njira yake ilipo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka ku makhonsolo ntchito monga kuchotsa zinyalala, misika ndi misewu ya m'madera. M'mizinda zofuna zanu zimadutsira kwa khansala ndi komiti ya chitukuko ya wodi. Kumaboma zimadutsira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya dera la mfumu yaikulu (ADC). Kudandaula pa maliro khansala akudutsa si kupempha. Lembani kalata ya tsamba limodzi, nkhani imodzi: malo ake enieni, makomo amene akuvutika, zimene mwachita kale nokha, ndi chimene mukupempha. Mupite ndi makalata awiri ofanana, ina ikadindidwe tsiku limene yalandiridwa n'kubwerera m'faelo yanu. Pakatha milungu iwiri mubwererenso, ndipo azipita anthu omwewo. Pa zaukhondo itanani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu. Iye amafika nazo msanga ku ofesi kuposa inu.

Za chitetezo musayambe nokha. Pitani ku polisi ya dera lanu mukakumane ndi woona za chitetezo cha m'madera, maina a anyamata olondera akalembedwe kumeneko, ndipo akhale anthu odziwika kumene amagona. Zida zawo ndi tochi, wenzulo ndi foni. Sayenera kulipiritsa munthu woyenda usiku, kumulanda katundu kapena kumumenya. Wogwidwa apite m'manja mwa apolisi ali wamoyo ndi wosavulala, pakuti gulu likapha munthu mlandu wake ndi wakupha basi, ndipo oyamba kufunsidwa ndi inu a komiti. Malipiro a olondera azituluka tsiku lodziwika, iwo n'kusayina. Mlonda wosalipidwa miyezi itatu amene akudziwa khomo lililonse ndi nthawi imene eni ake amachoka ndi vuto limene mwadzipangira nokha.

M'malamulo anu mulembe kuti mpando ndi wa zaka ziwiri, ndipo munthu asapitirire maulendo awiri otsatizana. Tsiku la chisankho lilembedwe lero, komiti ikadali yokondedwa. Pa tsikulo anthu awiri osakhala mu komiti, mwina mphunzitsi ndi mayi wodziwa mabuku a banki m'khonde, awerengetse malisiti ndi sitetimenti ya ku banki pamaso pa onse. Zikagwirizana, komiti yotuluka ipereke buku la ndalama, kaundula wa makomo, faelo ya makalata ndi mawilibala onse, ndipo sabata yomweyo mupite limodzi ku banki kukasintha maina a osayinira.