Mmene mungaitanitsire ndi kuwerengera buku lakale losowa m'laibulale ya anthu onse

Malaibulale akuluakulu a anthu onse amakhala ndi chipinda chimene owerenga ambiri amangochilambalala poganiza kuti ndi cha akatswiri okhaokha, chonsecho mmenemo ndi mmene mumasungidwa mabuku akale osowa, mapu ndi zolembedwa pamanja. New York Public Library ili ndi Baibulo limene Johannes Gutenberg anasindikiza ku Mainz m'dziko la Germany cha m'ma 1455, lomwe wosonkhanitsa mabuku wina, James Lenox, anagula mu 1847, ndipo pa makope pafupifupi 180 amene anasindikizidwa otsala lero ndi 49 okha. Buku ngati limenelo mudzangoliona kuseri kwa galasi, koma mabuku ambiri a m'zipinda zoterezi amaperekedwa m'manja mwa aliyense amene wapempha mwadongosolo.

Ntchito imayambira kunyumba, chifukwa mabukuwa sabwerekedwa ndipo sakhala pamashelefu oti munthu n'kudzitengera yekha. Fufuzani m'katalogi, ndiye kuti mndandanda wa mabuku a laibulaleyo, mulembe dzina la wolemba, mutu wa buku, chaka chimene linasindikizidwa ndi nambala yake, kenaka mulembere oyang'anira chipindacho kudakali masiku angapo, n'kuwafotokozera chimene mukufuna kuona. Ngati mukungofuna mawu ake, mwina adzakupatsani kope lojambulidwa la pa intaneti, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Buku lenilenilo n'lofunika pamene mukufuna kuona zimene chithunzi chimabisa, monga chizindikiro cha wopanga pepala chimene chimaoneka tsamba likayang'anizana ndi kuwala, kapena kasokedwe ka masamba.

Pofika tengani chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu. Chikwama, jekete, chakudya ndi madzi mudzazisiya panja, ndipo cholembera chololedwa ndi pensulo yokha popeza inki ikadontha sifufutika. Musakhumudwe akamakuyang'anitsitsani. Mu 2005 wogulitsa mapu akale wina anagwidwa pa yunivesite ya Yale atagwetsa kampeni pansi, ndipo pambuyo pake anavomera kuti anaba mapu 97, ena mwa iwo ochokera m'malaibulale a anthu onse a ku New York ndi Boston.

Anthu ambiri amayembekezera kuvekedwa magolovesi oyera, koma British Library ndi malo ena ambiri amalangiza kuti buku ligwiridwe ndi manja osamba bwino ndi sopo, ouma, osadzola mafuta. Golovesi imapha zala, moti munthu sazindikira kuti wagwira masamba awiri kapena kuti ngodya yayamba kung'ambika, komanso nsalu yake imakola m'mphepete mwa pepala lofumbutuka. Magolovesi amafunika pa zithunzi zakale ndi pa zitsulo, ndipo oyang'anira adzakuuzani okha.

Bukulo likabwera, musalitsegule patebulo mpaka kulala, chifukwa pamene buku lakale limayambira kufa ndi pamsana, pomwe chikuto chimalumikizana ndi masamba. Likhazikeni pa timapilo kapena timasiponji timene mudzapatsidwe, kuti mbali zonse ziwiri zitsamire, ndipo lisatseguke kupitirira madigiri 120. Ngati linasokedwa mothina, 90 akwanira. Mukamapita mkati mwa bukulo kulemera kumasamukira mbali inayo, choncho timapiloto muzitisuntha. Tsamba likamadzitsekera lokha musalipanikize ndi chigongono kapena foni, koma pemphani kachingwe kolemera kokutidwa ndi nsalu, mukagoneke mofatsa pangodya. Potembenuza, lowetsani chala pansi pa tsambalo kuchokera kumtunda, mulinyamule ndi chikhatho chonse mpaka ligone mbali inayo, osanyambita chala ngakhale chizolowezi chikukukakamizani.

Chimene ongoyamba kumene amalakwitsa n'kuganiza kuti buku lakale kwambiri ndilo losalimba kwambiri. Mabuku osindikizidwa chisanafike chaka cha 1501, ngakhalenso a zaka mazana atatu zotsatira, anagwiritsa ntchito pepala lopangidwa ndi sanza za nsalu, ndipo ambiri akadali oyera ndi ofewa mpaka lero. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1800 mafakitale anayamba kupanga pepala kuchokera ku mitengo, ndipo pepalalo lili ndi asidi amene amalidya pang'onopang'ono kufikira litasanduka lofiirira n'kumathetheka ngati tsamba louma la mtengo. Ine ndimaopa kwambiri kabuku ka mu 1890 kuposa chibuku cha mu 1590, ndipo mukaona tizidutswa tofiirira tikugwera patebulo, imani pomwepo muitane woyang'anira. Muchitenso chimodzimodzi mukapeza masamba awiri akadali olumikizana m'mphepete chifukwa sanadulidwe chisindikizireni, pakuti kuwadula nokha n'kuwononga umboni wa mmene bukulo linapindidwira, ndipo chiganizo chimenecho si cha wowerenga.

Zikuto nazo zili ndi zake. Chikopa chowola chimasiya fumbi lofiira m'manja, ndipo mukapanda kusamba fumbilo mudzalipaka pamasamba. Zikuto zina za nsalu zobiriwira kwambiri za m'ma 1800 zinapakidwa utoto wokhala ndi poizoni wa arsenic, nkhani imene akatswiri a kumalo osungirako zinthu zakale a Winterthur m'dziko la America anayamba kuifufuza mu 2019, choncho musagwire kumaso kapena kukamwa muli pantchito, ndipo musambe m'manja mukamaliza. Chipindacho chidzakhala chozizirirapo ndi chosawala kwambiri, popeza kutentha kumafulumizitsa asidi uja, kuwala kumachititsa inki kusuluka, ndipo chinyezi chikapitirira pafupifupi 65 peresenti nkhungu imamera.

Musanajambule tsamba lililonse pemphani chilolezo, muzimitse kuwala kwa kamera, ndipo pa chithunzi chilichonse mulembe nambala ya buku ndi ya tsamba. Mukapeza kakalata kapena duwa louma pakati pa masamba, musalichotse pamalo pake, chifukwa pomwe lili pangathandize kudziwa amene ankawerenga bukulo. Pomaliza, litsekeni mwa kubweza masamba pang'onopang'ono, mulinyamule ndi manja awiri litagona, ndipo polipereka mutchule chilichonse chimene mwaona chitang'ambika kapena chitamasuka, ngakhale chitakhala kuti munachipeza chili choncho, kuti okonza mabuku achilembe buku lisanabwerere m'bokosi lake.