Udzu wopoperedwa mankhwala umapha mbira ukadali wobiriwira

Oweta mbira ambiri sagula chakudya cha ziwetozi. Mwana amatumidwa ndi thumba ndi chikwakwa, n'kukamweta paliponse pamene paoneka msipu: m'mphepete mwa munda wa chimanga, kuseri kwa mpanda wa ofesi, pabwalo la kapinga la nyumba za m'tauni. Malo amenewa ndi omwenso masipuleya amadutsa kwambiri mvula ikangoyamba. Tsono funso loti kodi udzu wothiridwa mankhwala n'kudyetsa mbira yankho lake ndi ayi, ndipo udzu umene simukudziwa ngati unapoperedwa muziutenga ngati wopoperedwa.

Chifukwa chachikulu chili m'thupi la mbirayo. Mbira yaikulu imalemera magalamu 700 mpaka 1,200, koma patsiku imatha kudya msipu wauwisi wokwana magalamu 250 mpaka 300. Ng'ombe imadya msipu wolemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake, pamene mbira imafika gawo limodzi mwa magawo 3 kapena 4. Zikadya udzu wa pamalo amodzi, mbira ndi imene imalandira mankhwala ochuluka poyerekeza ndi msinkhu wake. Komanso mbira sisanza. Galu akadya choipa amatha kubweza, koma chimene mbira yameza chimapitirira mpaka m'matumbo. M'matumbomo muli tizilombo tabwino timene timagaya udzu, ndipo tikasokonezeka mbira imasiya kudya, mimba n'kufufuma. Yaikazi ya bere, imene imanyamula ana masiku 59 mpaka 72, ndi ana ongobadwa kumene, amene amayamba kubudula udzu m'masiku oyambirira, ndiwo amayamba kugwa.

Mankhwala opha udzu a glyphosate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Roundup, ndi amene amapusitsa anthu kwambiri. Amalowa pa tsamba n'kutsika mpaka kumizu, ndipo amagwira ntchito pang'onopang'ono. Masiku 3 kapena 4 oyamba kapinga amakhala wobiriwira bwinobwino, wopanda fungo, wopanda banga. Chikasu chimayamba kuoneka sabata ikamatha, ndipo kuuma kwenikweni kumafika pa masiku 10 mpaka 14. Mwana womweta udzu pa tsiku lachiwiri alibe pomuonetsa kuti padutsa sipuleya. Kutsuka udzuwo sikuthandiza chifukwa mankhwala ali kale mkati mwa tsamba. Ena amati glyphosate si woopsa kwenikweni ku nyama. Poyerekeza ndi mankhwala ena izi zili ndi pake, koma m'botolo muja mulinso zosakaniza zothandiza kuti mankhwala amamatire pa tsamba, ndipo zimenezi zimapweteka m'kamwa ndi m'matumbo. Kwa kanyama kolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, kutsegula m'mimba kwa masiku awiri n'kokwanira kukapha.

Paraquat, wodziwika ndi dzina loti Gramoxone, ndi woopsa koposa. Amawaula masamba m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo nyama ikadya amakaononga mapapo. Palibe mankhwala obwezera poizoni ameneyu. Udzu wowauka ngati wapsa ndi moto pamene sipanadutse moto musauyandikire, ngakhale wongoyala m'khola, popeza mbira imadya ndi zogonera zomwe.

Pa kapinga wa m'mabwalo amakonda kupopera 2,4-D kapena MCPA, amene amapha zomera za masamba aakulu n'kusiya kapingayo. Zomera zimenezi ndi zomwe mbira imakonda: chisoso, bonongwe, khovani, mwamunaaligone. Chizindikiro chake ndi chakuti nsonga zimapindika, mitengo yake n'kupotoka, masamba n'kukwinyika. Mukaona chisoso chopotoka chotero, kapinga yense wozungulira pamenepo walandira mankhwala omwewo ngakhale akuoneka wathanzi.

Gulu lopha msanga ndi la mankhwala a tizilombo. Chlorpyrifos amene amathira pa kapinga ndi m'mbali mwa nyumba pofuna kupha chiswe, carbaryl, ndi cypermethrin amene amapopera mbozi, onsewa amagwira mitsempha. Chifikireni ntchemberezandonda zachilendo zija m'nyengo ya 2016/17, minda yambiri ya chimanga imapoperedwa mankhwala, choncho udzu wa m'mizere ndi masamba a chimanga a m'munsi sizilinso chakudya chongotola mosafunsa. Mphepo nayo imauluzira mankhwala kutsidya kwa malire, n'chifukwa chake msipu wa m'mphepete mwa munda wa mnzanu muzisiya mamita osachepera 10.

Feteleza musamuiwale. Timibulu ta urea kapena CAN timakodwa m'mitima ya udzu ndipo mbira imadyera kumodzi. Dikirani kuti mvula kapena madzi othirira asungunule zonse, papite masabata 2, kenako mwetani.

Nanga munthu adikire nthawi yaitali bwanji atapopera? Pa botolo pamalembedwa masiku oti ziweto zisadye pamalopo, ndipo muziwerenga. Koma masiku amenewo anayezera ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Mawu ena oti ana ndi agalu angathe kubwerera pa kapinga akauma akunena za kupondapo, sakunena za kudya. Kwa mbira malangizo athu ndi awa: pasamwetedwe kanthu kwa masabata 4 mpaka 6, mvula yamphamvu igwepo kangapo, udzu woyambawo mutchetche n'kuutaya kutali ndi khola, ndipo mudyetse mphukira zatsopano zokha. Poyamba patsani dzanja limodzi kwa mbira imodzi yaikulu yamphongo, muione tsiku lathunthu musanapatse zonse. Ngati botolo linalibe chizindikiro, monga mankhwala opimidwa m'timabotolo pamsika, malowo asiyeni nyengo yonse. Gulani mankhwala okhawo olembetsedwa ku Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala oterewa, kuti pakagwa vuto dzina lake lidziwike.

Udzu wotchetcha ndi makina nawo ndi woipa ngakhale usanathiridwe kanthu. Makina amaunyenya, umatentha n'kuyamba kusasa m'maola ochepa, ndipo ukalowa m'mimba umatulutsa mpweya. Udzu wa mbira uzimwetedwa ndi manja. Musausiye wothinana m'thumba la pulasitiki. Uyaleni pamthunzi pa thandala kuti mame aume. Thumba la feteleza, ndowa yosungunuliramo mankhwala, ndi manja a munthu amene wangochoka kopopera, zonsezi zimafikitsa poizoni m'khola ngakhale udzu uli wabwino.

Mbira yodya poizoni wa tizilombo imaonetsa m'maola ochepa. Dovu limanyowetsa chibwano ndi pachifuwa, maso amalengeza misozi, thupi limanjenjemera, imadzandira, kupuma n'kumamveka movutikira. Ya mankhwala opha udzu imangokhala duu pakona, ubweya utanyankhalala, osathamangira chakudya monga mwa masiku onse, ndowe zili zamadzi kapena osaoneka n'komwe. Mbira imene yatha maola 12 osadya ili pangozi.

Mukaona izi chotsani udzu wonse m'khola pamodzi ndi zogonera, tsukani modyera ndi momwera, ikani madzi oyera. Yodwalayo ipatuleni, muiike pofunda ndi pamdima pang'ono. Ngati mankhwala ali pa ubweya, itsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo wochepa, muipukute iume. Musaimwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere. Mafuta amathandiza mankhwala ena kulowa msanga m'magazi, ndipo madzi a mchere sangaisanzitse. Makapisozi a anthu ndiye musayerekeze: penicillin ndi amoxicillin amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo a mbira, nayo n'kufa. Thamangirani kwa mlangizi wa ziweto mutatenga botolo la mankhwalawo kapena chithunzi cha chizindikiro chake, chifukwa jakisoni wa atropine amathandiza pa chlorpyrifos ndi carbaryl koma alibe ntchito pa paraquat.

Njira yodalirika ndi kukhala ndi kamunda ka msipu pakhomo, kosadutsa sipuleya. Bzalani nsenjere m'mizere yotalikirana masentimita 90, mapando masentimita 50, muthire manyowa a m'khola la mbira lomwelo atawolerana. Muzidula masabata 6 mpaka 8 alionse isanakhwime, kusiya chitsa cha masentimita 10. M'mbali bzalani mbatata kuti muzipeza kholowa, onjezani masamba a nthochi ndi masangwe a mtedza ouma bwino opanda nkhungu. Zobiriwira zisasowe tsiku ndi limodzi lomwe, popeza thupi la mbira silipanga lokha vitamini C. Masamba a mbatatesi, a tomato, a fodya, a nsatsi ndi a lantana asalowe m'khola.

Mbira yofa ndi poizoni, kapena yofa mwadzidzidzi osadziwa chifukwa, si ndiwo. Musadye, musagulitse, musaponyere galu. Ikwirireni m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime, pamodzi ndi udzu umene inadya. Mbira zotsala zimene zinadya nawo udzuwo zisaphedwe kwa mwezi wathunthu.