Kudyetsa Ziweto M'mapiri Ozizira Popanda Kuononga Busa

Udzu womera pamwamba pa mapiri ozizira uli ndi miyezi yochepa yokulira, choncho ukadyedwa mopyola muyeso umatenga zaka kuti ubwerere mwakale. Izi zimaoneka bwino ku Lesotho, dziko lomwe malo ake otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere ndipo phiri lake lalitali, Thabana Ntlenyana, limafika mamita 3,482. Abusa a kumeneko amakweza ng'ombe, nkhosa za Merino ndi mbuzi za Angora kumapiri m'nyengo yamvula, n'kuzitsitsa chisanu chikayamba.

Udzu umaphukira m'tsinde, pafupi ndi nthaka, n'chifukwa chake sufa ukadyedwa kamodzi. Vuto limabwera chiweto chikamabwerera paphata lomwelo masamba asanatalike, pakuti mphukira iliyonse imatapa chakudya chosungidwa m'mizu, ndipo mizuyo imanka nifupika mpaka phata lonse limazuka ndi dzanja limodzi. Komanso ziweto zimasankha. Zimayamba ndi udzu wokoma monga Themeda triandra, womwe Abasotho, anthu a ku Lesotho, amautcha seboku, n'kusiya udzu wokhakhala ndi zitsamba zowawa, motero busa limaoneka lobiriwira ndithu ukaliyang'ana uli patali pomwe msipu weniweni unatha kale. Malo ambiri otere ku Lesotho adzaza kachitsamba ka maluwa achikasu kotchedwa sehalahala, kapena Chrysocoma ciliata m'mabuku a sayansi, komwe anthu a m'midzi amachita kukazula ndi makasu. Nkhosa yabere ikakadya kwambiri, kamwana kake kamatha kusosoka ubweya.

Pamene pasanduka poyera, chisanu chimamalizitsa. Madzi a m'dothi akaundana usiku amatukula dothilo pamodzi ndi tiudzu tomwe tangomera, kenaka mvula yoyamba imakokolola zonse. Madambo a pamwamba pa mapiri, omwe amamwetsa Senqu, mtsinje waukulu wa dzikolo, ndiwo amavutika koposa, chifukwa tinjira ta ziboda timasanduka zigwembe zomwe zimatsanula madzi onse dambo n'kuuma.

Sindikunena kuti ziweto zichoke kumapiri. Busa lodyedwa mwa muyeso limachotsedwa udzu wakale wofota, dzuwa limafika pansi, ndipo timaluwa ting'onoting'ono timapeza mpata womera. Chofunika ndi mpumulo, ndipo Abasotho ali ndi mwambo wake wotchedwa leboella, womwe mfumu imatseka mbali ina ya busa kwa nyengo yoikika, ndipo wolowetsako ziweto amalipitsidwa chindapusa.

Themeda yemweyo amamera kwathu kuno pa Nyika, ngakhale kuti kumeneko ndi malo otetezedwa ndipo sikudyetsedwa ziweto. Oweta a kumtunda kwa Dedza, Ntcheu ndi Viphya, komwe m'madambo mumagwa chisanu mu Juni ndi Julayi, angatengepo nzeru. Gwirizanani ndi amfumu kuti busa la mudzi ligawidwe panayi, ndipo gawo limodzi litsekedwe kuyambira Disembala mpaka Epulo, udzu utabereka ndi kuyoyola njere, kenaka chaka chinacho mutseke gawo lina. M'magawo otseguka, samutsani ziweto theka la msipu likadalipo, makamaka nkhosa, zomwe zimadya mopalasa pansi kuposa ng'ombe zomwe zimakulunga udzu ndi lilime. Musakhulupirire maso a patali ayi, koma muzilowa m'busamo, kugwada ndi kuwerenga mapata a udzu wokoma pamalo a mapazi khumi, ndipo mukaona kuti akuchepa chaka ndi chaka, dziwani kuti ziweto zachuluka kapena zikukhalitsa pamodzimodzi.

Lupsa nalo ndi msampha, popeza msipu wophuka pamalo opserera umakoka ziweto zonse pa nthawi yomwe mizu yafooka kwambiri, choncho dikirani kufikira utatalika kupyola chikhatho. Pa kasupe pamangidwe mpanda wa minga kapena miyala, ndipo momwera ziweto muikidwe cha kumunsi, pamalo ouma ndi olimba.