Kuzindikira Vuto la Magiya ndi Kusankha Zipangizo za Kilachi pa Honda CG125 Yakale

Njinga yamoto yakale ikayamba kuvuta kulowa magiya, eni ake ambiri amathamangira kukagula mapuleti a kilachi, pomwe vuto likhoza kukhala pa kebulo, mu oilo kapena mkati mwa giyabokosi. Pa Honda CG125, yomwe inayamba kupangidwa mu 1975, komanso pa njinga zambiri za ku China zimene injini zake zinatengera kapangidwe kake, zomwe akabaza ambiri amayendetsa, ntchito yoyamba ndi kusiyanitsa kilachi yoterereka, kilachi yosalekerera, ndi magiya amene awonongeka paokha.

Kilachi yoterereka imadziwika mukakhala pa giya yapamwamba, makamaka pokwera chitunda mutanyamula munthu kapena matumba: mukawonjezera moto, injini imalira kwambiri koma liwiro silikwera. Kilachi yosalekerera imachita zosiyana ndi zimenezi. Ngakhale mwafinya liva mpaka kumapeto, giya yoyamba imalowa mogunda, njinga imafuna kusuntha yokha, ndipo nyutulo imavuta kupeza injini ikulira. Kuti mutsimikize, zimitsani injini, kenako kankhirani njinga pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo uku mukusintha magiya ndi phazi. Ngati onse akulowa mosavuta, giyabokosi ili bwino ndipo muyang'ane kilachi. Koma ngati akuvutabe, kapena ngati giya imodzi imatuluka yokha mukuyenda, ndiye kuti mafoloko osuntha magiya apindika kapena mano a m'mbali mwa magiya aperepeseka. Ntchito imeneyo imafuna kugawa injini pakati, ndipo mapuleti atsopano sangaithetse.

Musanamasule chivundikiro chilichonse, yesani liva ya kilachi. Kunsonga kwake iyenera kuyenda momasuka mamilimita 10 mpaka 20 isanayambe kukoka. Mpata umenewu ukachepa, kilachi imakhala ngati yafinyidwa pang'ono nthawi zonse ndipo imaterereka, pomwe ukachuluka mapuleti sasiyana mokwanira. Sinthirani pa nati ya kebulo ya ku injini, kenako mumalizire pa chosinthira cha pa liva. Kebulo imene tizingwe take tayamba kuduka iyenera kusinthidwa, chifukwa imakakamira mkati mwa chikhokhombe chake. Onaninso bawuti yomangira chopondera magiya, popeza ikakhwepa chopondera chimazungulira pachabe pa shafuti. Chopondera chikakhala kuti sichibwerera pakati mukachisiya, kawirikawiri sipuling'i yochibweza yathyoka. Tcheni chokhwepa kwambiri nachonso chimachititsa magiya kulowa mogunda.

Nkhani ya oilo ndi imene imanyalanyazidwa kwambiri. Kilachi ya CG125 imagwira ntchito itanyowa mu oilo yemweyo wa injini, choncho pa botolo payenera kulembedwa JASO MA kapena MA2, zizindikiro za oilo woyenera kilachi yotere. Oilo wina wa galimoto, makamaka wolembedwa Energy Conserving, amakhala ndi mankhwala ochepetsa kukhulana kwa zitsulo amene amaterereketsa mapuleti abwinobwino. Oilo wakale wakuda bii, amene walimba, amamatitsa mapuleti m'mawa kukazizira, ndipo kungomusintha kumatha kubwezeretsa magiya m'malo mwake.

Zonsezi zikalephera, khuthulani oilo ndi kuchotsa chivundikiro cha kumanja kwa injini. Masulani mabawuti anayi a masipuling'i a kilachi pang'onopang'ono mosinthanasintha, osati imodzi mpaka kumapeto. Fyuluta yozungulira ya oilo ili mbali yomweyo, ndipo ndi bwino kuitsuka matope akuda amene amaunjikana mkati mwake. Mapuleti ali a mitundu iwiri, okhala ndi chikhungwa chogwirira ndi achitsulo chokha. Okhala ndi chikhungwa amakhala pafupifupi mamilimita 3 akakhala atsopano, ndipo akatsika kufika pa 2.6 atha ntchito. Amene ayamba kunyezimira, kuda kapena kununkha chopserera asinthidwe ngakhale akuoneka okhuthala. Achitsulo muwaike pa galasi losalala ndi kudina m'mbali ndi chala. Ngati puleti ikugwedezeka kapena yasanduka yabuluu chifukwa cha kutentha, yapindika, ndipo idzachititsa kilachi kusalekerera ngakhale mapuleti enawo ali atsopano.

Yendetsaninso chikhadabo pa zala za basiketi ya kilachi, chitsulo chimene mapuleti amakhalamo, pamene makutu a mapuleti amagunda. Pa njinga imene yayenda zaka zambiri mupezapo timizere tonga mano a sowo, ndipo mapuleti amakodwa m'timizereto m'malo motsetsereka. Tikakhala tosaya mukhoza kutisalaza ndi fayilo mosamala, mofanana pa zala zonse, koma takuya timafuna basiketi ina.

Pokagula, nyamulani puleti yakale ya mtundu uliwonse ndi sipuling'i imodzi, ndipo muwerenge mapuleti amene munatulutsa, chifukwa injini za 125, 150 ndi 200 zooneka zofanana kunja zimatha kusiyana chiwerengero cha mapuleti ndi mano ake. Sanjikizani yakale ndi yatsopano pa kauntala pomwepo. Maganizo anga ndi akuti ndalama zipite pa mapuleti okhala ndi chikhungwa abwino, popeza otsika mtengo kwambiri amakhukhuluka msanga ndipo zinyenyeswa zake zimalowa mu oilo wa injini. Achitsulo akale amene ali osalala angabwererenso. Masipuling'i akafupika agulidwe onse anayi pamodzi, ndipo olimba kuposa oyambirira sindiwalimbikitsa pa injini yosasinthidwa, chifukwa amatopetsa dzanja ndi kudula kebulo. Gasiketi ya chivundikiro ikhale yatsopano.

Mapuleti atsopano okhala ndi chikhungwa muwaviike mu oilo wa injini kwa maola angapo, kapena usiku wonse, musanawaike. Asanjeni mosinthanitsa ndi achitsulo, kuyambira ndi kumalizira puleti yachikhungwa, ndipo mumange mabawuti a masipuling'i mopingasa, mosapyola muyeso, chifukwa amathyoka mosavuta. Thirani oilo, sinthani mpata wa liva, kenako muuyesenso mutayenda masiku ochepa, popeza mapuleti atsopano akakhazikika mpatawo umasintha.