Musangolemba kuti "yisiti", tchulani mtundu wake

Anzanga a m'labu kuno ku Zomba, botolo la magazi likamera kanthu, mutapaka utoto wa Gram n'kuona pa maikulosikopu timibulu tapepo tikuphukira ana m'mbali, ameneyo ndi yisiti, musaganize kuti ndi litsiro la pakhungu. Yisiti akapezeka m'magazi ndiye kuti munthuyo akudwala. Imbirani a dokotala ku wodi nthawi yomweyo, pepala lizitsatira pambuyo.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ambiri timathera pomwepo, chonsecho mankhwala amatengera mtundu wa yisitiyo. Fluconazole, amene timamudalira m'zipatala zathu, sagwira Candida krusei ngakhale pang'ono, ndipo Candida glabrata amamumva monyinyirika. Wodwala angamwe sabata yathunthu thupi likutenthabe.

Yambani ndi germ tube, njira yoona ngati yisitiyo atulutsa kamchira m'seramu (madzi otsala magazi akaundana); sifuna ndalama zambiri. Dzalani kaye pa Sabouraud, chakudya chomeretsera yisiti. Zikamera, tapani pang'ono chabe, sungunulani m'theka la mililita ya seramu, muike pa 37°C kwa maola 2 kapena 3. Mukaona kamchira kotuluka mosalala, kosafinyika potulukira, ameneyo ndi Candida albicans kapena m'bale wake dubliniensis. Maola 3 asapitirire, chifukwa mitundu ina imayamba kutulutsa timichira tonamizira. Magetsi akathima pakati, inkyubeta n'kuzizira, ingoyambiraninso. Ngati muli ndi CHROMagar, chakudya chimene chimasiyanitsa mitundu ya yisiti ndi maonekedwe, pakatha maola 48 albicans amabiriwira, tropicalis amachita buluu, krusei amayala pinki wouma ngati ufa.

Osaiwala yisiti wina wotchedwa Cryptococcus, makamaka kwa amene ali ndi HIV ndipo CD4 yatsika pansi pa 200. Pa inki yakuda yotchedwa India ink amaoneka atavala mkombero woyera. Kandodo koyezera Cryptococcus kotchedwa CrAg kamayankha pa mphindi 10. Akapezeka, wodwala ayezedwenso madzi a pamsana, chifukwa ngati matenda afika ku ubongo pafunika amphotericin B ndi flucytosine.

Wovutitsitsa ndi Candida auris, amene anadziwika koyamba ku Japan mu 2009 ndipo wasautsa kale zipatala za ku South Africa. Makina ena amamutchula Candida haemulonii, ndipo amakakamira pa mabedi ndi zipangizo za mu wodi. Dzina limenelo likatuluka, kapena germ tube ikakana pomwe wodwala sakuchira, musaombeze. Sungani yisitiyo pa Sabouraud, lembani tsiku ndi nambala ya wodwala, mutumize ku labu yomwe ili ndi makina ozindikira mtundu weniweni otchedwa MALDI-TOF, ndipo auzeni anamwino amugoneke payekha kufikira yankho litabwera.